Lipoti la ntchito: Windows 11 ikakana kuona disiki ya NVMe pa malaputopu a Intel a m'badwo wa 11

Ofesi ina yowerengera ndalama za mabizinesi ang'onoang'ono ku Ginnery Corner inagula malaputopu 6 ogwiritsidwapo kale ntchito kunja, onse a mtundu umodzi: purosesa ya Intel Core i5-1135G7, RAM ya 8 GB, ndi disiki ya NVMe (mtundu wa SSD, disiki yothamanga kwambiri) ya 256 GB. Anabwera ndi Windows 10 ya kampani imene inkawagwiritsa ntchito poyamba, yodzaza ndi mapulogalamu ndi zoletsa za kampaniyo. Popeza Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 mwa nthawi zonse pa 14 October 2025, eni ofesi anafuna kuti onse afomatidwe ndi kuikidwa Windows 11 Pro.

Asanabwere nawo kwa ife anali atapita kale kwa wokonza wina ku Limbe. Iye anawauza kuti madisiki ndi akufa, ndipo anawagulitsa SSD yatsopano imodzi yoyesera. Nayonso sinaoneke. Laputopu imodzi, ya mayi amene amasunga mabuku a ndalama, inabwerako ikungoonetsa sikirini yabuluu, mkati mwake muli ntchito ya milungu ingapo yopanda kope kwina kulikonse.

Zimene zinkaoneka

Fulashi yoikira Windows inkadzuka bwinobwino. Chilankhulo chinkasankhika, kiyibodi inkagwira. Pofika pamene munthu amasankha disiki, bokosi linali lopanda kanthu, pansi pake pali uthenga uwu: "We couldn't find any drives. To get a storage driver, click Load driver." Pa malaputopu onse zinali chimodzimodzi.

Sitinavomereze zoti madisiki ndi akufa. Choyamba, madisiki 6 sangafe tsiku limodzi, ndipo yatsopano ya m'sitolo singafere limodzi nawo. Chachiwiri, malaputopu 5 ankalowabe mu Windows 10 yakale ija popanda vuto, kutanthauza kuti disiki yomwe akuti yafa ndi yomweyo imene ikuyendetsa makinawo. Chachitatu, mu BIOS, menyu ya makina imene imatsegulidwa Windows isanadzuke, disiki inkaoneka ndi dzina lake ndi kukula kwake. Zitatuzi zinali zokwanira kusiya kuganizira za disiki ndi kuyang'ana kwa pulogalamu yoikira Windows.

Gwero la vuto

Kuyambira m'badwo wa 11 wa mapurosesa a Intel, umene unatuluka mu 2020, malaputopu ambiri amabwera atayatsidwa chinthu chotchedwa Volume Management Device, mwachidule VMD. Chikayaka, disiki ya NVMe sionekanso payokha pa msewu wa PCIe, umene umailumikiza ndi purosesa. Imabisala kuseri kwa kontirola ya VMD, ndipo stornvme, dalaivala wamba wa Microsoft (kapulogalamu kothandiza Windows kulankhula ndi disiki ya NVMe), saipeza. Pamafunika dalaivala wa Intel Rapid Storage Technology wa VMD, amene mafayilo ake akuluakulu ndi iaStorVD.inf ndi iaStorVD.sys. Windows 10 yakale inali naye chifukwa wopanga laputopu anamuikiratu. Fulashi yathu inalibe.

Pofuna kutsimikiza, pa sikirini yopanda disiki ija tinadina Shift ndi F10 kuti titsegule Command Prompt, n'kulemba:

reg query HKLM\SYSTEM\CurrentControlSet\Enum\PCI

Pa mndandanda umene unatuluka panali mzere woyamba ndi VEN_8086&DEV_9A0B. Nambala ya 8086 ndi ya Intel, ndipo 9A0B ndi kontirola ya VMD ya m'badwo wa 11. Pa m'badwo wa 12 mumapeza 467F, pa wa 13 mumapeza A77F. Nambala imeneyi ndi imene iyenera kutsogolera posankha dalaivala, osati dzina la foda kapena zimene walemba munthu amene anakutumizirani pa WhatsApp.

Pamalo omwewa pali msampha woopsa. Disiki ya mkati ikapanda kuoneka, diskpart, chida cha mu Command Prompt chokonzera madisiki, imaonetsa fulashi yanu ngati Disk 0. Amene anazolowera kulemba select disk 0 kenako clean osayang'ana kukula kwake amafufuta fulashi yake yomwe. Zikuoneka kuti izi zinachitikadi ku Limbe kuja, chifukwa fulashi imodzi mwa ziwiri zimene zinabwera m'chikwama cha malaputopu inalibe ngakhale patishoni. Mukalemba list disk n'kuona 14 GB kapena 29 GB pamene mukuyembekeza pafupifupi 238 GB, chotsani manja pa kiyibodi.

Laputopu ya sikirini yabuluu

Iyi tinayamba nayo chifukwa cha mafayilo. Uthenga unali INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE, umene nambala yake ndi 0x7B. Mu BIOS tinapeza kuti njira yolumikizira disiki inasinthidwa kuchoka pa ya RAID, pamene VMD imakhala yoyaka, kupita pa AHCI, pamene VMD imakhala yozima. Windows imene inaikidwa VMD ili yoyaka imayembekeza kupeza disiki kudzera mwa dalaivala wa Intel podzuka. Mukaisinthira njira mwadzidzidzi, imadzuka n'kusowa disiki imene yangodzukirapo. Tinabweza pa RAID, kusunga ndi kuyatsanso, ndipo Windows 10 inalowa ngati palibe chinachitika.

Tisanachite china chilichonse tinalemba manage-bde -status ndipo zinaonetsa kuti BitLocker, chitetezo cha Windows chotseka disiki ndi kiyi, inali yoyaka pa C. Tinatulutsa kiyi yopulumutsira ya manambala 48 ndi manage-bde -protectors -get C:, kuilemba papepala, kenako kukopera mafayilo onse pa disiki yakunja ndi kutsegula angapo kuti tione ngati ali bwino. Pa makina ochokera ku makampani akunja BitLocker musamaiiwale. Kusintha zinthu mu BIOS kumatha kuchititsa kuti ifunse kiyiyo, ndipo kampani imene ili nayo simudzaipeza.

Kupeza dalaivala woyenera

Pa fulashi yachiwiri ya m'chikwama muja panali fayilo ya SetupRST.exe ndi foda ina yokhala ndi iaStorAC.inf. Zonse ziwiri sizikanathandiza momwe zinalili. Batani la Load driver limawerenga mafayilo a INF okha, silitsegula exe. Ndipo iaStorAC ndi wa makontirola a RST opanda VMD. Kale Intel inkapereka madalaivalawa mu zip yotchedwa f6flpy, dzina lochokera nthawi ya Windows XP pamene munthu ankadina F6 kuti alowetse dalaivala kuchokera pa flopi. Pano kawirikawiri mumapeza exe, ndiye muyenera kuimasula nokha:

SetupRST.exe -extractdrivers C:\RST

Mkati mwa foda imene yatulukayo mufunefune ya VMD.

Ife tinadzera njira ina, imene sidya bandulo n'komwe. Popeza malaputopu ankalowabe mu Windows 10, madalaivala onse amene wopanga anaika tinawatulutsa mu imodzi mwa iwo. Tinagwiritsa DISM, chida cha Windows chotulutsira ndi kulowetsera madalaivala, mu Command Prompt yotsegulidwa ngati Administrator:

dism /Online /Export-Driver /Destination:D:\Madalaivala

Foda ya Madalaivala iyenera kupangidwa kaye. Lamuloli limatulutsa dalaivala aliyense wosakhala wa Microsoft, aliyense m'foda yakeyake. Tinatenga foda yoyamba ndi iastorvd.inf_amd64, komanso ya Wi-Fi ndi ya tachipadi. Ubwino wa njira iyi ndi woti dalaivala ameneyu mwamuona ndi maso akugwira ntchito pa makina enieniwo. Choncho lamulo lathu pa laputopu iliyonse imene ikadalowa mu Windows ndi lakuti madalaivala atuluke kaye, kufomata pambuyo.

Kenako tinatsegula iaStorVD.inf mu Notepad ndi kufufuza 9A0B. Inalipo. Ena amagwiritsa findstr pa ntchito imeneyi, koma mafayilo ena a INF amalembedwa mu UTF-16 ndipo findstr imangokhala chete ngati nambalayo mulibe. Notepad kapena Select-String ya PowerShell sizinamiza chonchi.

Kuyesa pa laputopu imodzi

Tinakopera foda ya VMD pa fulashi yoikira Windows, kufika pa sikirini ya disiki, kudina Load driver, Browse, ndi kusankha fodayo. Kabokosi kobisa madalaivala osagwirizana ndi makina tinakasiya kali kochongedwa. Mukakachotsa, mndandanda umatalika ndipo mumatha kusankha dalaivala amene alowa popanda kudandaula koma osaonetsa disiki. Patatsala mizere yochepa, tinasankha wa 9A0B, ndipo patapita masekondi angapo disiki inaoneka ndi mapatishoni ake onse akale.

Laputopu ikanakhala imodzi, ntchito ikanathera pomwepa, chifukwa dalaivala wolowetsedwa ndi Load driver amapitanso mu Windows imene ikuikidwayo. Palinso njira yachidule: kupanga foda yotchedwa $WinPEDriver$ pamwamba penipeni pa fulashi ndi kuikamo dalaivala, Setup, pulogalamu yoikira Windows, imamutenga yokha. Chovuta chake n'chakuti Setup imaifuna fodayi pa zilembo zochepa zokha, C, D, E ndi X, ndiye fulashi ikapatsidwa chilembo china sizigwira.

Bwanji osangozimitsa VMD?

Funsoli n'lomveka. Pa laputopu ya disiki imodzi ya NVMe, yopanda RAID kapena Optane, kuzimitsa VMD musanaike Windows kumagwira ntchito, ndipo liwiro la makina wogwiritsa ntchito sangalione kusiyana. Apa tinakana pa zifukwa ziwiri. Malaputopu awiri anali ndi pasiwedi ya BIOS ya kampani yakale, moti palibe chimene chikanasinthika, ngakhale menyu yosankhira fulashi podzuka inali yotseguka. Chifukwa china ndi cha m'tsogolo. Pa makina awa VMD yoyaka ndiyo ya kufakitale. Kabatire ka CMOS, kosunga zimene zasankhidwa mu BIOS, kakatha, kapena wina akadina zobweza BIOS mwakale, VMD iyakanso yokha, ndipo Windows yoikidwa pa AHCI idzagwa ndi 0x7B m'mawa wina pamene ofesi ikuthamangitsana ndi tsiku lomaliza lopereka misonkho. Kuisiya momwe inabwerera n'kuika dalaivala kumachotseratu ngoziyo.

Kulowetsa dalaivala mu fulashi

Ntchito imeneyi inachitikira pa kompyuta ya Windows 11, kuti DISM yake isakhale yakale kuposa chithunzi, kutanthauza fayilo ya WIM yosunga Windows, chimene ikukonza. Zonse za mu ISO, fayilo yoikira Windows yochokera kwa Microsoft, tinazikopera mu C:\W11, dalaivala mu C:\VMD, ndi kupanga mafoda awiri opanda kanthu, C:\mnt ndi C:\mntre. Mafayilo okoperedwa kuchokera mu ISO amabwera otsekedwa kuti asasinthidwe, ndipo DISM imakana ndi 0xc1510111. Mankhwala ake ndi attrib -r C:\W11\sources\*.wim.

Dalaivala amafunika m'malo atatu osiyana, ndipo malo alionse akasowa amabweretsa vuto lakelake. Tinayesa dala sitepe iliyonse payokha pa laputopu imodzi kuti zizindikirozi zilembedwe.

Malo oyamba ndi boot.wim, kachithunzi kamene kamadzuka kuchokera pa fulashi. Kali ndi magawo awiri: Index 1 ndi Windows PE, Index 2 ndi Windows Setup. Fulashi imadzukira pa Index 2. Dalaivala ataikidwa mu Index 1 yokha, bokosi la disiki linakhalabe lopanda kanthu, ndipo apa m'pamene ambiri amaganiza kuti atenga dalaivala wolakwika pamene ali wolondola. Malamulo ake ndi awa, ndipo muwachite pa magawo onse awiri:

dism /Mount-Image /ImageFile:C:\W11\sources\boot.wim /Index:2 /MountDir:C:\mnt

dism /Image:C:\mnt /Add-Driver /Driver:C:\VMD /Recurse

dism /Unmount-Image /MountDir:C:\mnt /Commit

Mu boot.wim ikani wa disiki yekha. Kachithunzi kameneka kamalowa konse mu RAM podzuka, ndiye kukathiramo madalaivala a mawu, a kamera ndi a zithunzi n'kungokalemetsa.

Malo achiwiri ndi install.wim, mmene muli Windows yeniyeniyo. Dalaivala ali mu boot.wim mokha, disiki inaoneka, mafayilo anakopereka mpaka 100%, makina anazima n'kuyakanso, kenako sikirini yabuluu ya INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE. Izi zimasokoneza chifukwa munthu waona yekha Windows ikulembedwa pa disikiyo. Koma amene ankalemba ndi Setup ya pa fulashi. Windows yatsopanoyo podzuka koyamba imadalira madalaivala ake, ndipo wa VMD inalibe.

Ngati fulashi yanu inapangidwa ndi Media Creation Tool, chida cha Microsoft chopangira fulashi yoikira Windows, mupeza install.esd m'malo mwa install.wim, ndipo ESD singatsegulidwe kuti isinthidwe. Muyenera kuisandutsa kaye. Ngakhale muli ndi install.wim, ndi bwino kutulutsamo mtundu umodzi wokha umene mukufuna, chifukwa dalaivala amalowa mu Index imodzi pa nthawi, ndipo mukaika mu Home n'kukasankha Pro mwagwira ntchito pachabe. Onani manambala ndi dism /Get-WimInfo. Mu ISO yathu Pro inali Index 6:

dism /Export-Image /SourceImageFile:C:\W11\sources\install.wim /SourceIndex:6 /DestinationImageFile:C:\pro.wim /Compress:max /CheckIntegrity

Mu pro.wim, Pro imakhala Index 1. Tinaitsegula mu C:\mnt, kuikamo dalaivala wa VMD, komanso wa Wi-Fi ndi wa tachipadi. Wa Wi-Fi ndi wofunika chifukwa Windows 11 imafuna intaneti pomaliza kuikidwa, ndipo malaputopu opyapyalawa alibe polowetsa chingwe cha netiweki.

Malo achitatu ndi amene amaiwalika kwambiri, chifukwa kusowa kwake sikuoneka tsiku loika. Mkati mwa install.wim muli fayilo yobisika, Windows\System32\Recovery\winre.wim, imene imadzuka Windows ikalephera kulowa. Ndi kachithunzi kapadera kokhala ndi madalaivala akeake. Pa laputopu yoyesera, Windows itaikidwa bwinobwino, tinagwira Shift podina Restart, kulowa mu Troubleshoot, kutsegula Command Prompt ndi kulemba diskpart, list disk. Disiki ya mkati panalibe. Ndiye kuti tsiku limene makinawo adzafune Startup Repair kapena System Restore, zida zonsezo zidzakhala zosaona. Kukonza kwake kumachitika install.wim ikadali yotsegula:

dism /Mount-Image /ImageFile:C:\mnt\Windows\System32\Recovery\winre.wim /Index:1 /MountDir:C:\mntre

dism /Image:C:\mntre /Add-Driver /Driver:C:\VMD /Recurse

dism /Unmount-Image /MountDir:C:\mntre /Commit

Mutseke winre.wim poyamba, kenako chithunzi chachikulu. Musanatseke chilichonse, dism /Image:C:\mnt /Get-Drivers ikuonetsani ngati dalaivala walowadi. Amaoneka ndi dzina latsopano ngati oem0.inf, koma pansi pake dzina lenileni limalembedwa.

Amene sakonda kulemba malamulo angathe kuchita zonsezi ndi NTLite, imene imagwira ntchito yomweyi pongodina. Kungoti nayonso muyenera kuiuza magawo onse: ikafunsa zithunzi zoti zilandire dalaivala, musasiye boot.wim ndi winre.wim.

Zimene zinavuta panjira

Magetsi anazima chithunzi chachikulu chili chotsegula, kompyuta ya pa tebulo n'kuzima nayo. Itayaka, DISM inakana kutsegulanso fayiloyo ponena kuti ndi yotsegula kale, 0xc1420127. Lamulo la dism /Get-MountedWimInfo limaonetsa momwe zinthu zilili. Nthawi zina /Remount-Image imapulumutsa, koma chithunzi chimene magetsi achidula pakati sichoyenera kuchikhulupirira pa makina a anthu. Tinachitseka ndi /Discard, kuyeretsa ndi dism /Cleanup-Mountpoints, ndi kutulutsanso pro.wim yatsopano. Ulendo wachiwiri ntchito inachitikira pa laputopu yodzaza batire. Kwa aliyense wogwira ntchito imeneyi mu Blantyre muno, DISM ndi ya pa laputopu kapena pa kompyuta yokhala ndi UPS basi.

Vuto lina ndi laling'ono koma limadya nthawi: 0xc1420117 potseka chithunzi. Limabwera ngati windo ya File Explorer kapena Command Prompt ina yaima mkati mwa C:\mnt. Tsekani zonse, tulukani m'fodamo, yesaninso.

Kenako kukula kwa fayilo. Fulashi ya FAT32, imene UEFI (BIOS ya makono) iliyonse imaiwerenga mosavuta, silandira fayilo yopitirira 4 GB, ndipo pro.wim inapitirira. Tinaidula:

dism /Split-Image /ImageFile:C:\pro.wim /SWMFile:C:\W11\sources\install.swm /FileSize:3800

Panatuluka install.swm ndi install2.swm. Install.wim yakale iyenera kuchotsedwa mu foda ya sources, apo ayi Setup itenga yomweyo yopanda dalaivala ndipo mudzadabwa kuti 0x7B yabwereranso bwanji. Pro.wim isungeni padera, chifukwa zidutswa za SWM sizitheka kuzitsegula n'kuwonjezeramo dalaivala wina mawa. Njira ina ndi kulemba fulashi ndi pulogalamu ya Rufus pa NTFS, imene imalandira mafayilo akuluakulu, kenako kusintha boot.wim ndi install.wim za pa fulashipo ndi zanu zokonzedwa.

Panatulukanso uthenga wina umene ambiri amausokoneza ndi wa VMD: "A media driver your computer needs is missing." Uwu unabwera pa fulashi yotchipa yogulidwa m'mbali mwa msewu, imene tinafuna ikhale yachiwiri kuti malaputopu awiri aziikidwa nthawi imodzi. Ngakhale uthengawu ukutchula dalaivala, umabwera Setup ikalephera kuwerenga mafayilo ake omwe pa fulashi, ndipo umatuluka msanga, musanafike posankha disiki. Get-FileHash pa install.swm ya pa fulashi ndi ya pa kompyuta inapereka manambala osiyana. Fulashiyo inkawononga mafayilo akuluakulu mwakachetechete. Tinaisiya, n'kugwiritsa ina. Mukaona uthenga umenewu yesani polowetsa pena pa USB, yesani fulashi ina, ndipo fananizani SHA256 ya ISO yanu ndi imene Microsoft imalemba pa tsamba lotengerapo. Dalaivala wa Intel sangathandize pamenepo.

Zotsatira

Ndi fulashi yokonzedwa, malaputopu onse 6 anaonetsa disiki popanda kudina Load driver, kuphatikizapo awiri a BIOS yokhoma aja. Pa iliyonse tinafufuta mapatishoni onse akale ndi kusiya Setup ipange ake a GPT. Pomaliza tinayang'ana zinthu zitatu: mu Device Manager, pansi pa Storage controllers, pakhale Intel RST VMD Controller 9A0B wopanda chizindikiro chachikasu, reagentc /info inene Enabled, ndipo list disk ya mu malo opulumutsira ionetse disiki ya mkati. Zonse zinatheka.

Windows 11 yatsopano imatha kuyatsa yokha chitetezo cha BitLocker munthu akalowa ndi akaunti ya Microsoft, choncho makiyi onse 6 anasindikizidwa papepala, lililonse ndi nambala ya pansi pa laputopu yake, n'kuperekedwa kwa mkulu wa ofesi. Anapatsidwanso fulashi yokonzedwayo yolembedwa kuti ndi ya malaputopu a m'badwo wa 11 okha. Akadzagula a m'badwo wa 12 kapena 13, nambala ya kontirola iyenera kuonedwanso mu INF fulashiyo isanagwiritsidwe ntchito. SSD imene anagula ku Limbe ija inali yabwinobwino. Inaikidwa m'kabokosi ka USB ndipo pano ndi imene mayi a mabuku a ndalama amasungirapo kope la ntchito yawo Lachisanu lililonse.